Dzino la kumapeto lija si la mkaka, abale anga

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna kholo lililonse lichidziwe, ndipo anthu ambiri amene ndacheza nawo sachidziwa olo ophunzira kwambiri amene. Mwana akafika zaka 6 kapena kupitirira pang'ono amamera mano anayi akuluakulu kumapeto kwenikweni, awiri m'mwamba awiri m'munsi, ndipo mano amenewo si a mkaka ayi, ndi amene akhale nawo mpaka kukalamba. Vuto lake amatuluka mwakachetechete, palibe dzino limene limayamba laguluka kuti liwapatse malo, amangophuka kumbuyo kwa a mkaka aja basi. Nde kholo likaona dzino la kumapeto lada, labowoka, limangoti aaa musiyeni ameneyo liguluka lokha n'kumera lina. Silimeranso lina. Likapita lapita.

Mano a mkaka alipo 20, a munthu wamkulu 32 ukawerengera aja omera mochedwa munthu atakula kale, ndiye mukawerenga kuchokera pakati pa mano akutsogolo kupita kumbuyo, mano a mkaka amathera pa nambala 5 mbali iliyonse. La nambala 6 ndi lomwe ndikunenali. Mutha kumutsegula pakamwa mwana wanu n'kuwerenga nokha, sizifuna dokotala zimenezi.

Zimandikhudza chifukwa ndinazionera pafupi pa mwana wa achemwali anga. Mtsikanayo anali sitandade 3, anayamba kumatafunira mbali imodzi, akamwa madzi ozizira amagwira tsaya, kunyumba ankangomupatsa panado nkhani n'kutha. Tsiku lina anadzuka tsaya litatupa mpaka diso kuchepa, ndi pomwe tinathamanga naye ku chipatala. Adokotala a mano anamukhazika pa mpando uja, n'kulowetsa kagalasi kakang'ono kaja m'kamwa, kenako anandiitana kuti bwerani muone. Pamwamba dzinolo linkaoneka ngati lili ndi kadontho kakuda chabe, koma atangokhudza ndi kachitsulo m'mbali mwake munagumuka, mkati monse munali mofewa mwa bulauni, ndipo pa usinini panali kachotupa kotuluka mafinya. Anati likanabwera chaka chatha tikanangolimata, pano palibe chomata. Analizula patapita masiku kutupa kutachepa. Mwana wa zaka 9 kutaya dzino limene amafunika kutafunira mpaka ukalamba wake, zinandiwawa kwambiri ndipo zimandiwawabe.

Ife timapita kwa dokotala wa mano dzino likatiletsa tulo, pomwe dzino likafika poletsa tulo ndiye kuti kuwola kwadutsa kale chikamba cholimba cha pamwamba pa dzino chija, kwadutsa mnofu wa dzino, kwafika pa mtsempha. Pamenepo njira zimatsala ziwiri, kuzula kapena kuchotsa mtsempha n'kutsuka mizu n'kumata, ija amati root canal, imene imafuna ndalama zambiri komanso sipezeka paliponse. N'chifukwa chake ambiri timaganiza kuti ntchito ya dokotala wa mano ndi kuzula basi. Ayi, ndife amene timafika nthawi yozula itakwana. Kabowo kakadali kakang'ono sikapweteka, mwina kamangochita nyenyenye ukadya chotsekemera, ndipo imeneyo ndiye nthawi yomata.

Za nyongolotsi ya m'dzino zija tiiwale, mulibe nyongolotsi m'dzino. Chimene chimachitika n'chakuti m'kamwa mwa aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala mu zoyera zonanda zija zimamatirira m'mphepete mwa mano, tikalandira shuga timatulutsa asidi, asidiyo n'kumasungunula dzino pang'onopang'ono. Malovu amayesetsa kukonza koma amafuna nthawi. Apa ndi pamene anthu sitimvetsa, chimene chimawononga kwambiri si kuchuluka kwa shuga pa nthawi imodzi kokha koma kubwerezabwereza. Taganizani tsiku la mwana wa sukulu, m'mawa tiyi wa masupuni atatu a shuga, pa buleki frizesi ndi switi ya pa kamtengo imene aziyamwa mpaka belu, poweruka bisiketi, kunyumba Sobo, madzulo nzimbe, pogona osatsuka. Mano amenewo apuma nthawi yanji? Bola chotsekemeracho adyere limodzi ndi chakudya kusiyana n'kumanyambita tsiku lonse. Ndipo amayi, chonde, botolo la tiyi kapena juwisi logona nalo mwana usiku lija ndi limene limadya mano akutsogolo a ana ang'onoang'ono mpaka kutsala zitsa zakuda.

Kutsuka kwake nakonso kuli ndi nkhani. Ambiri timatsuka m'mawa chifukwa choopa kununkha pagulu, koma kutsuka kofunika kwambiri ndi kwa usiku pogona poti tikagona malovu amachepa ndiye asidi uja amagwira ntchito popanda womusokoneza. Kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, mswachi wofewa osati wolimba wochapira nsapato uja. Mankhwala otsukira akhale a fluoride, chinthu chimene chimalimbitsa mano kuti asawole, onani pa chubu palembedwe 1000 mpaka 1500 ppm, dzina la kampani zilibe kanthu kaya ndi Colgate kaya ndi ina yotchipa. Mukatsuka lavulani koma osachukucha ndi madzi, poti mukachukucha mwataya fluoride amene amafunika atsale pa mano. Anthu amadabwa ndikanena zimenezi koma ndi momwemo. Mwana wosakwana zaka 3 mupakireni kochepa kwambiri kofanana ndi kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 kofanana ndi nsawawa, ndipo muzimutsuka ndinu kapena kumuyang'anira mpaka afike zaka 7 kapena 8, chifukwa dzanja lake silifika bwino kumapeto kuja kumene kuli dzino latsopano lija.

Makala, phulusa, mchenga, zimayeretsa inde koma zimapala dzino ndipo chopalika sichibwerera. Kamtengo kotafuna kutsogolo kaja kamachotsa zonanda ndithu ngati munthu akudziwa kukagwiritsa ntchito, sindikanyoza, kungoti kalibe fluoride wokwanira.

Chiseyeye nacho timachitenga ngati chinthu wamba. Munthu akalavula magazi potsuka amasiya kutsuka malo amenewo kuopa kuwonjezera bala, pomwe magaziwo akutuluka chifukwa malowo sakutsukidwa mokwanira, usinini watupa ndi zonanda zija. Mukapitiriza kutsuka bwinobwino mofatsa sabata imodzi kapena ziwiri nthawi zambiri magazi amasiya. Akapanda kusiya pitani akakupaleni miyala yolimba ija imamera kuseri kwa mano am'munsi, mswachi siungaichotse. Chiseyeye chikalekereredwa chimadya fupa logwira dzino, mano abwinobwino opanda bowo n'kuyamba kugwedera. Odwala shuga, osuta fodya ndi amayi oyembekezera ndi amene chimawavuta kwambiri, ndipo mayi woyembekezera akhoza kupita kwa dokotala wa mano, angonena kuti ndi woyembekezera.

Dzino likamapweteka usiku munthu amachita chilichonse, ndikumvetsa. Koma kuika asipirini pa dzino kumangowotcha usinini, piritsi ndi lomeza. Ena amafika pothira asidi wa batire kapena petulo mu bowo, abale musatero, mukuwonjezera chilonda pa matenda. Imwani panado monga mwa muyezo wake, chukuchani ndi madzi ofunda a mchere, kukacha pitani ku chipatala. Maantibayotiki ogula pa golosale amangogonetsa kutupa kwa kanthawi, gwero lake likadali m'dzino momwemo ndipo zibweranso. Ndipo kutupa kukatsikira pansi pa chibwano ndi m'khosi, munthu akulephera kutsegula pakamwa, kumeza kapena kupuma, thupi latentha, musadikire kuti kuche, zimenezo zimapha. Zija amati kuzula dzino la m'mwamba kumawononga maso si zoona, choopsa ndi mafinya amene mukuwasunga chifukwa cha mantha amenewo. Akakuzulani lumani thonje lija mmene akuuzirani, tsiku limenelo osachukucha, osasuta, osamalowetsamo lilime, magazi oundana pa bowopo ndi amene amapoletsa chilonda.

China chimene aphunzitsi ndi makolo a anyamata a mpira ayenera kudziwa, dzino lachikulire likaguluka lonse ndi muzu womwe chifukwa chogwa kapena kumenyedwa, limatha kubwezeretsedwa. Ligwireni kumutu osati ku muzu, osalikwecha, liikeni mu mkaka n'kuthamanga nalo kwa dokotala wa mano ola lisanathe. Dzino la mkaka lokha ndiye salibwezera.

Si mano onse a bulauni amene ndi owola kapena osatsukidwa. Madera ena monga ku Nathenje ku Lilongwe madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride wopitirira muyezo, ndiye ana okulira kumeneko mano awo amamera ndi mawanga oyera kapena a bulauni, olo atsuke bwanji sizichoka. Kumawaseka ana oterewa kusukulu ndi nkhanza chabe, vuto lili m'madzi.

Kunena zoona mlandu wonse si wa makolo. Dziko lathu linakhala zaka zambirimbiri lopanda sukulu yophunzitsa madokotala a mano a digiri, ofuna ntchitoyi amakaphunzira kunja, ndipo amene agwira ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma ndi ma dental therapist, azachipatala a mano opanda digiri ya udokotala, ophunzira ku Malawi College of Health Sciences. Maphunziro a digiri anayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, imene pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza umoyo wa m'kamwa. Zimenezi ndimaziyamikira kwambiri. Koma chimene ine ndikufuna kuona ndi chakuti achinyamata amenewa akamaliza asamangothera m'tauni, atumizidwe m'maboma ndi zipangizo zomatira mano osati zozulira zokha, komanso azifika m'masukulu a pulayimale kukaona m'kamwa mwa ana a sitandade 1 ndi 2, chifukwa kholo la kumudzi silingalipire thiransipoti kupita ku boma ndi mwana amene sakudandaula kupweteka kulikonse.