Ulendo wa ku Polokwane ndi alamu anga, ndi mkangano wa mfuti yachiwiri

Alamu anga amawombera mfuti ngati masewera. Ndikawauza chonchi anthu akumudzi amaganiza kuti mwina ndi alenje kapena ali pa ntchito ya ulonda, ayi ndithu, ndi mpikisano weniweni wokhala ndi malamulo ake ndi oyimbira ake, dzina lake IPSC, unayamba mu 1976 ku America ndipo kuno ku South Africa anthu amaukonda heve. Iwowa anabwera ku Joni kalekale, mapepala okhala mokhazikika ali nawo, nde lamulo limawalola kukhala ndi layisensi. Ine ndili pa pemiti ya ntchito chabe, yangayanga sindingakhale nayo, koma lamulo la mfuti la kuno, Firearms Control Act ya 2000, limalola mwini layisensi kumupatsa mnzake kuti awombereko bola iye akhale pompo akumuyang'anira. Ndimomwe ndinaphunzirira ku kalabu yawo Loweruka lililonse ndikakhala pa ofu.

Nde kutabwera mpikisano wa masiku awiri ku Polokwane anandipempha kuti ndiwayendetse, iwo akafike osatopa. Kunyumba kwawo tinasiya kuli kankhani kosatha. Alamu amafuna kugula pisitolo yachiwiri yoti idzikhala ya sipeya pa mipikisano, achemwali anga akuti ayi, ndalama imeneyo ikhoza kufolera nyumba yonse imene akumanga ku Nkhotakota, ndipo yoyambayo siinafepo chiigulireni. Ine ndinali mbali ya achemwali, osabisa.

Tinanyamuka kusanache kuchokera ku Kempton Park, R21 mpaka Pretoria kenako N1 yolowera kumpoto. Ndi makilomita 300 ndi kanthu, nsewu wabwino koma matolugeti ake amakudya, Pumulani, Carousel, Kranskop, Nyl, ungotulutsa khadi basi. Amene munabwerako ku Joni pa basi nsewuwu mukuudziwa, ndi womwe uja umakathera ku Musina ndi Beitbridge, ndipo mmawa umenewo tinapitirira mabasi akwathu okoka ma trela, komanso ma bakkie a matransipota atasenza mafiriji, matilesi, njinga, zigubu, zonse zomangidwa ndi neti mpaka galimoto kukhala pansi kumbuyo. Mtima umachita kusuntha ukaona nambala ya kwathu pa nsewu umenewu. Tinaima pa filing'i ya pa Kranskop, pamene pali phiri lija loima lokhalokha pakati pa chigwa, kumwa tiyi, ndipo pamzere wa ku toileti ndinamva amayi ena akukalipira mwana mChichewa. Alamu sanatsike limodzi ndi ine, tinachita kusinthana, chifukwa chikwama cha mfuti sichisiyidwa chokha mgalimoto. Kuno mfuti ikabedwa chifukwa cha kusasamala kwako ndi mlandu, ndipo akhoza kukulanda ufulu wokhalanso ndi mfuti. Ndinawauza pomwepo kuti alamu mwaonatu, imodzi yomweyi ikutivutitsa chonchi, nanga zikakhala ziwiri? Anangoseka nkuti tiye tidzikaona.

Kupitirira Mokopane dziko limayamba kuuma, minga ndi timapiri ta miyala. Polokwane kale inkatchedwa Pietersburg, ndipo kwa anthu a masewerawa si tawuni wamba, mu 2002 kunachitikira mpikisano wa dziko lonse wa IPSC ndipo anapambana Eric Grauffel wa ku France. Madala ena amene tinawapeza ku renji, malo owomberera, analipo chaka chimenecho ndipo amakamba ngati zachitika dzulo.

Kwa amene simunaonepo, zimayenda chonchi. Renji imagawidwa mma stage, iliyonse ili ndi zipupa za dothi mbali zitatu, mkatimo aikamo ma target a katoni ndi ena achitsulo ogwa ukawamenya, ena obisika kuseli kwa zotchinga, ena oyenda. Munthu amaima pamalo oyambira, woyang'anira amene amamutcha RO amati "Load and make ready", kenako "Are you ready? Standby", kataima, kachipangizo kowerenga nthawi, nkulira piii, basi munthu uja kusolola mfuti nkuyamba kuthamanga akuwombera. Pakati pa target ndi mapointi 5, ukaphonya amakuchotsera 10, ndipo mapointi onse amawagawa ndi masekondi amene watenga. Ukachedwa waluza, ukathamanga nkumaphonya waluzanso. Alamu amasewera gulu la Production, la mfuti zongochokera kufakitale zosasinthidwa kwambiri, magazini yake salola zipolopolo zoposa 15, ndipo kumeneko ambiri ndinawaona ndi CZ Shadow 2, ena Glock 17. Ntchito yanga inali yomata timapepala pa mabowo a ma target, kudzutsa zitsulo, kunyamula madzi ndi ambulera, dzuwa la ku Limpopo si la masewera.

Za chitetezo ndiye sanyengerera ngakhale pang'ono. Mfuti imakhala mu holster, kachikwama kake ka mchiuno, yopanda chipolopolo tsiku lonse, kuigwira ndi pokhapokha RO wakuuza kapena uli pa tebulo la safety area, ndipo pa tebulo limenelo sugwira chipolopolo olo chimodzi. Kuloza mfuti chakumbuyo kapena kuthamanga chala chili pa trigger, mpikisano wako wathera pomwepo, upite kwanu. Ndinazikonda zimenezo, ndinali womasuka pakati pa anthu onsewo aliyense ali ndi mfuti mchiuno.

Chimene ndikufuna kukamba kwenikweni chinachitika masana a tsiku loyamba. Mu squad yathu, kagulu koyendera limodzi ma stage, munali mnyamata wina wochokera ku Durban, ulendo wa tsiku lathunthu pa galimoto, atabwera ndi mkazi wake ndi kamwana, ndipo amawombera bwino kwambiri, ma stage ammawa onse anali patsogolo pathu. Pa stage ina yaitali, atangowombera kangapo, mfuti inangoti zii. Anakoka slide, chitsulo chapamwamba pa pisitolo chokokera kumbuyo, kanthu ayi, anachotsa magazini, kukokanso, khoko la chipolopolo lili khale mkati osatuluka. Ndinali pafupi ndithu moti ndimaona manja ake akunjenjemera, thukuta likudontha pa chibwano, akuyesa kulitokosa ndi chikhadabo mfuti italoza kutsogolo, kataima kakuwerengabe. Lamulo limapereka mphindi ziwiri kuti ukonze, zikakwana RO amakuimitsa. Anamuimitsa. Ndipo vuto likakhala la mfuti yako palibe zobwereza, amawerenga mmene zilili, ma target onse amene sunawafike ndi ophonya kuphatikizaponso chilango, nde stage yonseyo anapeza ziro. Pa tebulo paja ataimasula tinaona kuti extractor, kachitsulo kokhala ngati mbedza kamene kamakoka khoko, kathyoka kunsonga, kachidutswa kake kochepa kuposa njere ya mpunga.

Sipeya analibe, mfuti ina analibe. Mkazi wake anangokhala pa cooler box atagwira tsaya.

Bambo wina wachikulire wachibunu wa mu squad yomweyo anatsegula chikwama chake nkutulutsa ina yofanana ndendende ndi imene iye mwini anali nayo mchiuno, nkumuuza mnyamata uja kuti amalize ndi imeneyo, iye akhala naye pafupi. Apa mpamene ndinaphunzira kuti kusintha mfuti si kungotola ina nkupitiriza. Lamulo la IPSC limati mfuti imene wayamba nayo ndi yomwe umalize nayo, ikaonongeka uyambe wakapempha kwa Range Master, wamkulu wa oyang'anira onse, ndipo iye aone kuti yatsopanoyo ndi ya gulu lomwelo, kuti siikupatsa mwayi woposa anzako, komanso kuti zipolopolo zako zikukwanabe mphamvu mu mfuti imeneyo. Ukasintha mwakachetechete amakuchotsa mu mpikisano. Za mphamvuzo amayeza pa makina otchedwa chronograph, kulemera kwa chipolopolo pa muyeso wa ma grain kuchulukitsa ndi liwiro lake nkugawa ndi 1000, yankho lisachepere 125. Chipolopolo cha 9mm cholemera ma grain 124 chimafunika kuthamanga kupitirira mafiti 1008 pa sekondi, ndipo poti mipope ya mfuti imasiyana, zipolopolo zomwezo zikhoza kukwana mu mfuti iyi nkuperewera mu inayo, makamaka kwa anthu odzipangira okha zipolopolo amene amaika onga wongokwanira.

Range Master anamulola mnyamata uja. Koma mfuti ya bamboyo inali ya mtundu wina, nde mu holster ya mnyamatayo siinalowe, magazini ake sanagwire, anachita kubwereka lamba yense. Trigger yake ina, chogwirira china, poyang'anira pena. Anamaliza mpikisano inde, koma amene amatsogola mmawa uja anasanduka munthu wongoyesayesa, kuwombera mochedwa, kufunafuna batani la magazini ndi chala. Zinandikhudza kwambiri chifukwa umaona kuti luso lilipo koma dzanja silikuidziwa mfutiyo.

Madzulo ku gesitihausi tinaotcha nyama ndi anthu ena a mpikisano ndipo nkhani inali yomweyo, aliyense ndi maganizo ake. Wina wa ku Zimbabwe amene amakhala ku Pretoria anatulutsa kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi timagawo, muli extractor, slide stop, masipuling'i a mitundumitundu, firing pin, timapini ndi kahamala, akuti izi ndi zimene zimafa pa mfuti, ndipo zonse pamodzi sizifika olo pang'ono pa mtengo wa mfuti ina, amasinthiratu masipuling'i mpikisano waukulu usanafike osadikira kuti athyoke. Bambo wachikulire uja anavomera kuti nzoona, koma anati kabokosi kamathandiza ukadziwa chimene chafa ndipo uli ndi nthawi, nanga squad ikupita pa stage ina iwe uli pa tebulo ukusakasaka kasipuling'i kagwera mu mchenga? Nanga chikasweka ndi chachikulu, mpope kapena galasi la red dot kwa amene amasewera magulu a optics? Iye yake yachiwiri amaiwombera mwezi ndi mwezi, ma sight anawaika mofanana, trigger mofanana, moti atatseka maso sangadziwe kuti wagwira iti.

Alamu anandifunsa tili mchipinda kuti nanga alamu mukuti bwanji tsopano. Ndinawauza mmene ndikuonera, ndipo mpaka lero sindinasinthe. Munthu wowombera pa kalabu ya pafupi ndi kwawo safunika mfuti yachiwiri, ikafa wangoluza Loweruka limodzi, abwerera kunyumba nkukakonzetsa, ndalamayo bola agulire zipolopolo zoyeserera chifukwa ndi zimene zimakweza munthu. Kabokosi ka masipeya kokha aliyense akhale nako, ndipo aphunzire kumasula mfuti yake yekha. Koma munthu amene wayamba kuyenda maulendo ngati awa, petulo, matolugeti, malo ogona, ndalama yolowera, masiku a tchuthi kuntchito, miyezi yokonzekera, zonsezo nkuzipachika pa kachitsulo kamodzi, ameneyo yachiwiri ikumuyenera. Ndipo ikhale mapasa ndi yoyambayo, yolowa mu holster yomweyo, yodya magazini omwewo, yoti waiwomberapo kokwanira. Kugula yotchipa ya mtundu wina kuti ingokhala mchikwama ndi kutaya ndalama, tinaona tokha masana aja.

Mbali ya malamulo nayo imavuta, si kungolowa mu shopu. Kuno mfuti iliyonse imafuna layisensi yakeyake ndipo kudikira kwake ndi miyezi, nde sungati yafa lero ndigula ina mawa, mwina ndi chifukwa chake anthu a kuno amaisamala nkhani ya sipeya kuposa a maiko ena. Wowombera mwa apo ndi apo, wa section 15, saloledwa mfuti zoposa zinayi zonse pamodzi ndipo pa gawo limenelo pisitolo imakhala imodzi yokha. Ofuna ziwiri za masewera amayenera kukhala dedicated, section 16, kutanthauza kuti ndi membala wa bungwe lovomerezeka ngati SAPSA, loyendetsa IPSC kuno, ndipo amapitadi kumipikisano, ndipo zimenezi zimawachotseranso malire aja a zipolopolo 200 pa mfuti iliyonse. Alamu ndi dedicated kale, nde njira ilipo. Kunyumba sefa yawo yotsekeramo mfuti ndi yokwana ziwiri.

Tsiku lachiwiri linayenda bwino, mfuti ya alamu siinavute olo kamodzi, anathera chapakatikati pa gulu lawo ndipo anasangalala poti stage ina ya zitsulo zokhazokha anaimenya bwino kwambiri mpaka RO anawagwira chanza. Tisananyamuke tinazungulira mtawuni pang'ono kuona Peter Mokaba Stadium imene inamangidwira World Cup ya 2010, tinagula mango pambali pa nsewu, nkulowa N1 dzuwa likupendeka, Lamulungu madzulo magalimoto obwerera ku Gauteng ali ndiii kuyambira pa Kranskop mpaka Pretoria.

Achemwali tinawapeza asanagone. Ndinawafotokozera zonse za mnyamata wa ku Durban uja, ndi mkazi wake, ndi mtunda umene anayenda. Anamvetsera mpaka kumapeto nkunena kuti chabwino amva, koma malata ayambe akwera ku Nkhotakota, ikatha imeneyo alamu akhoza kukaponya mafomu a layisensi. Alamu sanatsutse. Kabokosi ka masipeya anaitanitsa sabata yomweyo, ndipo agwirizana ndi mnzawo wina wa ku kalabu amene ali ndi mfuti yofanana ndi yawo kuti mipikisano yakutali adzilembetsa squad imodzi mpaka yawoyo idzatuluke.