Zikomo nonse amene munaima nafe pa mpikisano wa makwaya

Makolo, a komiti ya sukulu, amayi a Mother Group, a Gulupu ndi aphunzitsi anzanga, landirani kuthokoza kwanga. Kwaya yathu inakapikisana ku TDC (malo amene aphunzitsi amakumanirako pa maphunziro awo) Loweruka lapitali ndi sukulu zina za m'zoni yathu, ndipo tabwerako ndi nambala 2. Chikho chapita kwa anzathu, ndipo n'chawodi. Besi yawo inali yokhwima, pomwe ife tena inatigwedera pa nyimbo yachiwiri.

Mukudziwa kuti tisananyamuke panali kusamvana. Ana ofuna kuimba anachuluka kuposa amene okonza mpikisano analola kukwera pansanja. Ena mumati titenge a mawu okoma okhaokha, popeza kumeneko n'kokapikisana, si kokacheza. Ena mumati mwana amene sanajombeko ku pulakatisi asasiyidwe ngakhale mawu ake atakhala osasa. Tinagwirizana kutsatira kaundula wa pulakatisi, ndipo ine ndinali mbali imeneyo.

Koma kaundula saona zonse. Mtsikana wina wa Sitandade 7, amene soprano yake imamveka mpaka kumsewu, dzina lake linagwa chifukwa amajomba masana. Amayi a Mother Group ndi amene anatiuza kuti akaweruka amathamangira kunyumba kukalera azing'ono ake, mayi ake ali kuchipatala. Amayi inu munagawana masiku okhala ndi anawo kuti iye azibwera, ndipo a hedi analola kuti pulakatisi ina tizichita nthawi ya buleki. Zimenezi sindidzaiwala.

Anyamata a Sitandade 8, mawu anu akusintha, lero alto mawa besi, komanso mayeso a MANEB akukudikirani. Munapirira kusunthidwa mzere uku ndi uku osanyinyirika. Zikomo.

Kuthokoza kwanga kwakukulu kupite kwa ana amene sanakwere nawo pansanja. Munaphunzira nyimbo zonse, do re mi yonse ili m'mutu, koma tsikulo munanyamula ng'oma ndi madzi, ena mpaka kubwereketsa yunifolomu zanu zochapa bwino kwa anzanu. Ndinaona mmodzi wa inu ataima kumbuyo kwa oweruza, milomo ikutsatira nyimbo yonse mwakachetechete. Bambo amene munabwera kusukulu mutakwiya kuti mwana wanu wasiyidwa, simunalakwe kufunsa, ndipo ndinu nomwe munatipezera lole pamtengo wotsika.

Ena akuti tikanatenga a mawu okoma okhaokha chikho chikanabwera kuno. Mwina n'zoona. Koma amene anatsala ulendo uno ndi amene adzaime kutsogolo tsiku lotsekera teremu, ndipo komiti yavomereza kuti chaka chamawa tidzakhale ndi magulu awiri, lililonse ndi tsiku lake loimba. Pulakatisi ikuyambiranso Lachiwiri tikaweruka. A tena musachedwe, tili ndi ntchito.