Loweruka: chasisi yafika, koma riveti sitinakhome ndi imodzi yomwe

Chasisi, mafupa a chitsulo a galimoto yomwe tikumanga tokha pakhomo, yafika cha m'ma 9 koloko m'mawa pamodzi ndi mapanelo a aluminiyamu, ma wishbone (mikono yogwira mawilo) ndi makatoni a mabawuti ndi mapaipi. Mphuno ya galimotoyo ndi madigadi a fibreglass tapempha kuti zibwere mtsogolo, chifukwa m'galaja ya galimoto imodzi ya kuno ku England zinthu zoterezi zimangokandika podikira nthawi yake.

Galimotoyi ndi ya mtundu wa Seven, ya mipando iwiri, yopanda denga ndi zitseko. Colin Chapman anatulutsa Lotus Seven mu 1957, Caterham inagula ufulu woipanga mu 1973, ndipo makampani ang'onoang'ono ambiri akhala akupanga zofanana nayo, kuphatikizapo Birkin ya ku South Africa. Kale omanga ankaphwasula Ford Sierra kuti apeze ziwalo. Ma Sierra anatha ndi dzimbiri, ndiye masiku ano ambiri amaphwasula Mazda MX-5. Yathu ndi MX-5 yoyambirira ya injini ya 1.8, ndipo tatengamo injini, giyabokosi, difu (yogawira mphamvu ku mawilo a kumbuyo), mahabu, mabuleki, chiwongolero ndi mawaya onse. MX-5 imalemera pafupifupi tani imodzi, pomwe Seven yomalizidwa imakhala pakati pa makilogalamu 550 ndi 600. Liwiro lake limachokera pamenepo, osati pa kukula kwa injini.

Chasisi ndi ya machubu a chitsulo a makona anayi, 25 mm mbali iliyonse, khungu lake 1.6 mm. Anthu awiri amainyamula bwinobwino. Taikhazika pa mabenchi awiri otalika masentimita 70 kuti tizigwira ntchito choimirira, ndipo pakati pa benchi ndi chitsulo tayika zidutswa za kapeti kuti penti asasupuke.

Ntchito yoyamba inali kuyeza. Monga mmene mmisiri amakokera chingwe kuchoka pa ngodya kupita pa ngodya inzake asanakumbe maziko, tayeza kuchokera pa bulaketi ya wishbone yakumanzere kutsogolo kufika pa yakumanja kumbuyo, kenaka mosinthanitsa. Miyezo iwiriyo yasiyana ndi 2 mm, zomwe n'zololeka, chifukwa kuwotcherera kumakoka chitsulo pang'ono ndipo kusiyana kotere kumathera poseta mawilo. Ikadakhala 5 mm kapena kupitirira, chasisi ikadabwerera kwa eni ake lero lomwe. Mukangoiboola, palibe kampani yomwe ingailandirenso. Tawerengeranso katundu yense motsata ndandanda, ndipo kapaketi ka mawasha a M10 sikanapezeke. Ndi zotchipa, koma kuzindikira Lamlungu masitolo atatseka kumaimitsa ntchito ya tsiku lonse.

Penti wa chasisi ndi powder coat, wa ufa wowotcha mu uvuni. Ndi wolimba, koma amalowa m'mabowo onse n'kuwachepetsa. Bawuti ya M12 yakana kulowa m'mabulaketi angapo. Apa pamafunika mtima wodekha. Mukaikhoma ndi hamala, penti amang'ambika mozungulira bowo ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Mukapititsa dirilo yamagetsi, bowo limakula mopanda dongosolo ndipo wishbone idzagwedera moyo wake wonse. Tagwiritsa ntchito kafayilo kozungulira ndi manja, kuchotsa penti yekha osadya chitsulo, ndipo m'manati owotchereredwa pa chasisi tapititsamo tapu (kachitsulo kodulira mizere yomwe bawuti imayendamo) ya M8 ndi ya M10 itapakidwa mafuta pang'ono. Pomwe padzamangidwe mawaya a ethi (obweza magetsi kudzera mu chasisi) tapala mpaka chitsulo kuwala. Ethi yomangidwa pa penti ndi yomwe imachititsa kuti mindiketa izithwanimira limodzi ndi magetsi a mabuleki, ndipo vuto limeneli limavuta kulisaka galimoto itatsekedwa kale.

Masana onse apita pa panelo ya pansi. Ndi aluminiyamu wa 2 mm, ndipo ndi yomwe imakhala pakati pa munthu ndi msewu. Tatembenuza chasisi chagada, kuyala panelo, kuipana ndi makalampu asanu ndi limodzi, kenaka kujambula ndi cholembera m'mphepete mwa chubu chilichonse kuchokera kunsi. Titaichotsa tajambula mzere pakati penipeni pa mizere iwiriyo n'kulemba madontho motalikirana 50 mm, kusiya 25 mm kuchoka pa malo aliwonse owotcherera. Chitsulo cha pa weludi ndi cholimba, ndipo mkati mwa mphambano muli khoma la chubu china lomwe dirilo ikaligunda imathyoka.

Mariveti athu ndi a 4.8 mm, choncho bowo ndi la 4.9 mm. A 3.2 mm, omwe adzagwire mapanelo a m'mbali, amafuna bowo la 3.3 mm. Bowo lothina limakanda riveti polowa ndipo mutu wake sukhala pansi bwino. Lotakasuka limailola kusewera, ndipo pakapita nthawi mumaona kamzere kakuda kozungulira mutu, chizindikiro chakuti aluminiyamu akuperesedwa. Tayamba ndi kabowo ka 2.5 mm, kenaka kukuza. Bowo lililonse lachinayi tayikamo cleco, kapini kosakhalitsa komwe kamagwira panelo kuti isasunthe. Popanda timapini timeneti, panelo imakwawa pang'onopang'ono pamene mukuboola, ndipo pofika kumapeto mabowo oyamba sakumananso. Ma cleco 40 akwanira. Kuboola tayambira pakati kupita kunja kuti panelo isatukumuke.

Dirilo imodzi ya 2.5 mm yathyoka itangobowola khoma loyamba la chubu n'kugwera pa lachiwiri. Mankhwala ake ndi kuveka kapaipi ka rabara pa dirilo, kusiya nsonga ya 8 mm yokha. Kamatetezanso panelo kuti chaki, mutu wa makina wogwira dirilo, isaikande. Madirilo a cobalt amapirira kuposa wamba, bola liwiro likhale lochepa ndipo nsonga iziviikidwa m'mafuta.

Titamaliza tachotsa panelo n'kusalaza milomo ya mabowo mbali zonse ziwiri ndi dirilo yaikulu yopotokola ndi zala. Tizitsulo totsala pamlomo wa bowo timatukula panelo, ndipo madzi amalowera pamenepo. Zinyenyeswa zogwera mkati mwa machubu tazikoka ndi maginito. Mkatimo mulibe penti ngakhale pang'ono, choncho tapoperamo phula loteteza dzimbiri kudzera m'mabowo omwewo. Phula lotuluka kunja liyenera kupukutidwa ndi mankhwala ochotsa mafuta, apo ayi guluu sagwira. Guluu wake ndi wa polyurethane, monga Sikaflex 221. Amamata, amatseka madzi, komanso amalekanitsa aluminiyamu ndi chitsulo. Zitsulo ziwirizi zikakhudzana pali madzi a mchere womwe amathira m'misewu ya kuno nthawi yozizira, aluminiyamu amasanduka ufa woyera. N'chifukwa chakenso pansi pamafunika mariveti otseka kunsonga.

Guluuyo sitinamutsegule. Chifukwa china n'chakuti m'galaja munali madigiri 4, ndipo polyurethane safuna kuzizira kochepera madigiri 5. Koma chifukwa chachikulu ndi ngalande ya pakati pa mipando, momwe mumadutsa propshaft, shafuti yochokera ku giyabokosi kupita ku difu. Mmenemo muyenera kudutsanso paipi ya mabuleki a kumbuyo, mapaipi awiri a petulo a 8 mm, wopita ndi wobwerera poti injini ya MX-5 yoyambirira imabweza petulo ku thanki, ndi mtolo wa mawaya a magetsi a kumbuyo. Pansi pakatsekedwa, dzanja limalowa movutikira ndipo dirilo silowa n'komwe. Omanga ambiri amathamangira kukhoma mapanelo kuti chinthucho chiyambe kuoneka ngati galimoto, kenaka n'kudzaboolanso mariveti 100 pofuna kuyika paipi imodzi. Panelo yomatidwa ndi guluu simatuka osapindika.

Choncho chakumadzulo tayala njira ya mapaipi. Tayamba ndi waya wolimba, kumupinda mmene paipi idzayendere, kenaka kutengera mapindidwewo pa paipi yeniyeni. Paipi ya mabuleki ndi ya kunifer, mkuwa wosakaniza ndi nickel, ya 4.75 mm. Mkuwa weniweni ndi wofewa popinda koma umauma ndi kunjenjemera mpaka kusweka, ndipo ineyo pa mabuleki sindiukhulupirira. Manati ndi a M10 x 1.0, ndipo apa pali msampha. Ziwalo za Mazda zimafuna mlomo wa paipi wopindidwa kawiri kulowa mkati, pomwe zolumikizira zambiri za ku Ulaya zimafuna mlomo wotukumuka. Nati imalowa bwinobwino pa zonse ziwiri, koma mlomo wolakwika umadontha mukaponda mwamphamvu. Yang'anani mkati mwa bowo ndi tochi: mukaona kanthu kosongoka kotulukira kunja, pamafunika mlomo wopinda kawiri. Ndipo nati ivekedwe pa paipi mlomo usanapangidwe.

Zogwirira mapaipi, ma P-clip okhala ndi rabara, talemba malo ake pa 200 mm iliyonse. Mawaya adzayenda mbali ina ya ngalande, petulo mbali inayo, osamangidwa pamodzi. Malo omwe akuoneka otakasuka lero adzadzaza giyabokosi ikalowa, ndiye tayeza m'lifupi mwake ndi pomwe pali flange ya difu, pomangira propshaft, kuti paipi iliyonse italikire 15 mm kuchoka pa chilichonse chozungulira. Timapaipi ta rabara tolumikizira petulo tikhale ta SAE J30 R9, popeza kuyambira September 2021 petulo wamba ku Britain ndi E10, wosakaniza ndi ethanol, ndipo ethanol amadya rabara wakale.

Zonsezi tazijambula pa foni, ndipo si zokongoletsa ayi. Galimoto yomanga pakhomo singayende pamsewu kuno isanapambane mayeso a IVA, oona ngati ndi yoyenera pamsewu, omwe amachititsa a DVSA, bungwe la boma loyesa galimoto, ndipo amafuna umboni wakuti mwaimanga nokha. Woyesa sangaone paipi yobisika kuseri kwa panelo, choncho chithunzi chooneka bwino, tepi yoyezera ili pambali pa ma P-clip, chimathandiza. Malisiti onse alowa m'fayilo limodzi ndi chikalata cha V5C cholembetsera MX-5. A DVLA, bungwe la boma lolembetsa galimoto, amaona zimenezi posankha nambala: chasisi yatsopano ndi ziwalo zazikulu ziwiri za galimoto yophwasulidwa zimapatsa nambala ya chaka cha galimotoyo, ndipo umboni ukasowa mumalandira nambala yoyamba ndi Q. Nambala ya injini tayikopera padera, chifukwa malire a utsi pa mayeso amatengera zaka za injiniyo. Bokosi la ECU (kompyuta ya injini), la immobiliser (loletsa akuba kuliza injini) ngati lilipo, ndi kiyi zikhale m'katoni imodzi, poti chimodzi chikasowa injini silira.

Mawa tiyeserera difu m'malo mwake tisanapange milomo ya mapaipi a kumbuyo. Mu MX-5, mphuno ya difu imagwiridwa ndi chitsulo chachitali cha aluminiyamu chochokera ku giyabokosi. Mu Seven chitsulocho mulibe, ndipo bulaketi yolowa m'malo mwake ikakhala yofooka, difu imadzuka ponyamuka mwamphamvu n'kuthyola mkono wake. Bulaketi imeneyi imadutsa pafupi kwambiri ndi pomwe talemba malo a T, cholumikizira chogawa paipi ya mabuleki a kumbuyo pawiri, ndiye bowo la T lidzabooledwe difu itakhala kale pa mabawuti ake.