Tsiku limene agogo anadzutsa mtembo ku Joni

Abale inu, mpaka lero anzanga amene ndinaphunzira nawo ku Joni dzina langa lenileni anaiwala, amangoti Agogo. Munthu wamwamuna, ndevu zanga zili apa, madigiri awiri, koma pa gulu la WhatsApp la kalasi yathu ndine Agogo basi. Ndiye poti ena mwakhala mukundivutitsa kuti zinayamba bwanji, lero ndingoulula, ofuna kuseka sekani ine manyazi anatha kalekale.

Ine za drama ndinayambira ku sekondale m'mipikisano ya ATEM ija, ndipo chaka chilichonse ankandipatsa gawo la chidakwa, kaya aphunzitsi ankaona chiyani pankhope panga. Tinakulira Sewero la Sabata Ino pa MBC, kenako Izeki ndi Jakobo, ndiye m'mutu mwanga drama inali kuvala jekete yong'ambika, kupaka choko m'mutu kuti uoneke nkhalamba, kulowa n'kuseketsa anthu, kwatha. Akuluakulu amene anaonerako Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata ankatiuza kuti anyamata inu simunaone kanthu, koma mkuluyo anamwalira mu 1999 ife tisanadziwe ndi njira yomwe ya ku French Cultural Centre, malo a ku Blantyre kumene kunkachitikira zisudzo.

Nditapeza sikolashipu yokapanga Masters ya zisudzo pa yunivesite ina ku Joni, kumudzi kwathu ku Ntcheu kunabuka mafunso. Agogo anandiitana pakhonde akutonola chimanga. "Amuna anga," amandiitana choncho chibadwire changa, "ndamva mukupita kusukulu ku Joni, mukukaphunzira chiyani?" Ine ndikuti masewero agogo. Anakhala kaye chete, chitsononkho n'kuponya uko, kenako amvekere "munthu wamkulu ngati inu, kukwera basi masiku awiri kupita kukasewera?" Msuweni wanga ndi amene anandipulumutsa, akuti ngati Manganya uja agogo, wa Tikuferanji. Apo ndiye anagwedeza mutu n'kuti chabwino pitani, koma pobwera mubwere ndi bulangete. Bulangete limenelo mulisunge m'mutu, libweranso.

Kufika kuja ndinapeza kuti agogo ananama, kunalibe zosewera. Sabata yoyamba yomweyo alekichara akuti pita stage left, ine n'kulowera kumene ndinkaona kuti ndi kumanzere ndili pampando wa oonera, kugundana ndi mnzanga chipumi ndi chipumi. Kumanzere kwa siteji ndi kumanzere kwa wosewera akayang'ana anthu, osati kwa woonera. Akuti pita upstage, ine kuyang'ana kudenga kufuna makwerero. Kani ndi kumbuyo kwa siteji, poti masiteji akale ankakhala otsetsereka, kumbuyo kokwera kutsogolo kotsika, dzina n'kutsalira mpaka lero. Tsiku lina ndikuimba kamluzu kanga kuseri kwa makatani ndikukolopa, mkulu woyang'anira holo anandithamangira ngati ndatukwana mfumu. Akuti kalelo okoka zingwe za pasiteji ambiri anali amalinyero ndipo ankauzana zochita ndi mluzu, ndiye ukaimba mwachisawawa chinthu chimatha kukutsikira pamutu. Ine ndinangoti ohoo, kwathunso amaletsa mluzu usiku, kusiyana kwake ife timaopa afiti inu mumaopa zingwe.

Kalasi ya Stanislavski ndiye musanene. Mkulu wa ku Russia ameneyu, amene anayambitsa nawo Moscow Art Theatre mu 1898, ankaphunzitsa kuti usamanamizire kulira, ukumbukire chinthu chimene chinakupweteka pamoyo wako misozi ibwere yokha. Anzanga akukumbukira kusudzulana kwa makolo, ena maliro, ine chimene chinandibwerera n'chakuti Khirisimasi ina ndili ndi zaka 9 galu anathawa ndi ntchafu yanga ya nkhuku, ndinali nditaisunga dala kuti ndidye pomaliza. Abale ndinalira. Kulira kwa mamina. Alekichara kundigwira paphewa kuti wakumbukira chiyani, ine ndikuti ndi nkhani za kumudzi zovuta kufotokoza. Anandipatsa malikisi apamwamba kuposa onse.

Koma tsoka langa linali mu semesita yachiwiri, pamene aliyense amayenera kuyendetsa sewero lathunthu ngati stage manager. Amene simukudziwa, munthu ameneyu saoneka pasiteji koma ndiye mwini zonse. Amakhala pakona pamdima ndi kanyale kabuluu, patsogolo pake pali buku la sewero lonse lolembedwalembedwa ndi pensulo m'mphepete, kuti apa magetsi asinthe, apa nyimbo ilire, apa chinsalu chitsike. Chilichonse chili ndi nambala yake, amati cue. Kumutu wavala hedifoni yokhala ndi kamaiki, akulankhula ndi wa magetsi, wa zokuzira mawu ndi wa zingwe. Kachitidwe kake ndi kamodzi. Umayamba wachenjeza, "standby LX 47", LX ndiye magetsi, uja amayankha kuti ndili tcheru, chala chili pabatani. Nthawi ikakwana umati "LX 47", n'kupuma pang'ono, kenako mawu amodzi aja, go. Akangomva go amadina. Safunsa, saganiza, sayang'ana pasiteji, ntchito yoganiza ndi yako. Pa desiki ya magetsi pali chibatani cholembedwa GO, ukadina chimapita pa cue yotsatira, wa mawu naye pa QLab, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera mawu, amangomenya spacebar. N'chifukwa chake pa hedifoni mawu amenewa ndi oletsedwa ngati nyama ya nkhumba kwa a Sabata, ukafuna kuwatchula pocheza umachita kuwasipela, G-O. Alekichara anabwereza zimenezi mwina ka 20. Anatinso maiki uzitseka ukamaliza kulankhula, foni uzithimitsa. Ine zonsezi ndinalemba bwinobwino m'kope, ndi kuzidula mzere kunsi.

Sewero lathu tinapeka tokha m'kalasi. Chapakati pake panali maliro, mwamuna wagona pabedi wafunditsidwa nsalu yoyera, mkazi wake wagwada pambali akulankhula yekha mphindi 4 zathunthu, mawu oti ngakhale ife amene tinawamva ka 30 pa rehearsal tinkameza malovu. Akamaliza, LX 47, mdima bii. Mumdima umenewo mtembo umadzuka n'kuzemba potsata timatepi towala tomata pansi, anyamata n'kuchotsa bedi. Kenako LX 48, magetsi onse ngwee, nyimbo ya ukwati ndi nthungululu, chinsalu chamaluwa n'kutsika kuchokera kudenga, tabwerera mmbuyo tsiku limene awiriwa ankakwatirana. Zokongola kwabasi zikayenda bwino.

Usiku wa mayeso holo inadzaza, mzere wachitatu kwakhala external examiner wochokera ku yunivesite ina, kope pamwendo, magalasi pamphuno. Kuyambira cue 1 mpaka 46 zinayenda ngati madzi, ine mumtima ndikuti Ntcheu yabereka mwana. Mayi uja wayamba kulira kwake, ine n'kupereka standby kwa onse atatu, onse ayankha, zala zili pamabatani. Maiki osatseka.

Ndiye ndikumva m'thumba njrrr njrrr.

Foni sindinathimitse, ndinangoiika pa vibrate, musandifunse chifukwa. Kusuzumira, nambala ya msuweni wanga, nthawi 8:40 usiku. Inu a kumudzi mukudziwa, foni ya kumudzi ikalira usiku si moni ayi. Masana amafulasha kuti uimbe ndiwe, koma akaimba okha usiku ndi mayunitsi awo ndiye kuti kwagwa zovuta. Komanso sabata imeneyo agogo ankadandaula miyendo ndi BP. Mtima unangoti myuu, pasiteji pali maliro, m'thumba mwanga muli maliro. Ndinakankhira hedifoni pambali khutu limodzi, foni n'kuiphatika pamenepo. Ndikumva kupuma, kenako "halo? halo?" mawu awo enieni, amoyo, amphamvu ngati akukalipira mbuzi. Chisangalalo chake abale, ndinangofuula monong'ona, "Agogo!"

Phii. Mdima.

Mayi uja anali pakati pa chiganizo. Poti ndi wophunzitsidwa bwino anangopitiriza kulira mumdima momwemo. Oonera, poti munali mu 2023 muja magetsi ankazimazima ku Joni tsiku ndi tsiku, anangoti eish, load shedding, wina kumbuyo mpaka kuyatsa tochi ya pafoni. Ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti inenso ndinaganiza kuti ndi load shedding. Kanyale kanga kabuluu kakuyaka pamaso panga, hedifoni ikugwira ntchito, ine ndikutukwana magetsi a eni ake mumtima. Uku agogo sakundimva, akukalipira msuweni kuti iwe chifoni chakochi n'chakufa, halo, ndani ameneyo? Ndiye ine pofuna kuti amve msanga ndidule, ndinakweza mawu. "Ndine, AGOGO!"

Ngwee.

Magetsi onse, achikasu ndi apinki omwe. Nyimbo ya ukwati pwepwepwe, nthungululu lililili m'masipika onse, chinsalu chamaluwa chikutsika mwaulemu wake pamutu pa namfedwa. Ndipo pakati penipeni pa siteji, poyera, mtembo uli chiimire. Mnyamatayo anaona mdima n'kuganiza kuti nthawi yake yakwana, ndiye magetsi anamupeza akunyang'ama ndi zala za kumapazi, masokosi obooka chala chachikulu chili panja, nsalu yoyera wakwapatira m'khwapa, dzanja linalo akukanda kumbuyo, pamalo pamene anapirira kuyabwa kwa mphindi 10 ali chigonere. Mwendo umodzi unali m'mwamba ndipo unakhala m'mwamba momwemo.

Anayang'anizana ndi mkazi wake. Holo yonse zii, kupatula nthungululu. Mayi uja misozi ili mbwembwembwe, maluwa ali paphewa, anamufunsa m'Chizulu mokalipa ndithu kuti ukupita kuti. Mtembo unayang'ana oonera, unayang'ana kukona kwanga, kenako pang'onopang'ono unabwerera chambuyo, kukwera pabedi, kugona, kudzifunditsa wokha nsalu mpaka kumutu, n'kutulutsanso dzanja kukonza kumapazi kuti sokosi isaoneke. Apo ndiye holo inaphulika. Anthu kugwa m'mipando, bambo wina mzere woyamba akumenya pansi ndi nsapato.

Mu hedifoni munali nkhondo. Wa zingwe akufunsa kuti ndikweze kapena ndisiye, wa mawu akuseka mpaka kutsamwa, wa magetsi akungoti wanena wekha, wanena kawiri konse. Chondiwawa n'choti mtsikana wa magetsiyu ndi Mzulu, kwawonso gogo ndi gogo yemweyo, koma anandiuza pambuyo pake kuti ukakhala pa standby chala chimamva msanga kuposa mutu. Ndipo pamwamba pa zonsezi, poti foni inali pafupi ndi maiki, onse ankamva mawu a agogo akulongosola nkhani yawo mosafulumira. Akuti ndimati ndikukumbutseni za bulangete lija, likhale lolemera la akambuku, osati lopepuka ngati limene anabweretsa mwana wa kwa anebawa. Kenako anaima kaye kumvetsera. "Amuna anga, kukumveka nthungululu kumeneko. Mwakwatira osatiuza?"

Ndinadula foni. Kuti tibwerere pa 46 ndinachita kusankha mawu ngati ndikuyenda paminga, kuopa kutchulanso mawu aja mwangozi. Chinsalu chinakwera, nyimbo inazima, mayi uja anayambiranso kulira kwake mwaukatswiri koma zinali zitatha, akangoti mwamuna wanga wandisiya wina m'holo amayankha kuti ali pompo, angodzuka. Mdima weniweni utafika anthu anaombera m'manja mtembo.

Mawa lake tinakhala pabwalo kumva ndemanga. External examiner uja anatsegula kope lake n'kunena kuti chimene chinamugwira mtima kwambiri ndi kudzuka kwa mtembo, akuti tinagwiritsa ntchito molimba mtima njira ya Brecht. Bertolt Brecht ndi mkulu wa ku Germany amene ankafuna kuti oonera asamatengeke n'kumangolira, azikumbutsidwa kuti akuonera sewero kuti aganize. Ndiye bamboyo akuti kusakaniza ukwati ndi maliro, sokosi yobooka, zonsezo zinali zakuya. Anafunsa kuti maganizo amenewa anali a ndani. Alekichara athu anangonditembenukira osaphethira. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinagwedeza mutu pang'ono ngati munthu wodzichepetsa amene safuna kutamandidwa. Zikanatheka ndithu, koma mtembo unalephera kupirira, unaphulika kuseka mpaka kugwa pampando, nkhani yonse n'kuululika.

Ndinakhoza, koma mwa mwayi, ndipo anandibwerezetsa kuyendetsa sewero lonse usiku wina foni yanga ili m'kabati ya alekichara yokiya. Masabata 2 otsatira ndinali wosesa siteji ndi kukulunga mawaya. Kalasi ya chaka chotsatira inauzidwa kuti pa hedifoni mawu oletsedwa alipo awiri, ndipo achiwiriwo ankachita kuwalemba pabolodi ndi dzina la dziko langa pambali.

Disembala ndinapita kumudzi ndi bulangete la akambuku, lolemera moti pa boda ya Mwanza ndinatuluka nalo thukuta. Agogo analitambasula pamkeka, kulisisita, kulinunkhiza, n'kuti ili ndiye bulangete. Ndinawafotokozera zonse, za mtembo, za mabatani, za dzina langa latsopano, msuweni akugubuduka ndi phwete. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto osaseka olo pang'ono, kenako anandiyandikira n'kutsitsa mawu kuti ena asamve.

"Zamasewerazo ndamva. Koma mkaziyo ndi wa kuti, ndipo amadziwa kuphika nsima?"