Nyumba za banki musamagule pa foni

Sabata yathayi ndinali ku Dedza ndi ku Ntcheu kuyendera nyumba zomwe banki ina ikufuna kugulitsa pa okushoni, eni ake analephera kubweza ngongole ndiye chikole chija chikupita. Ntchito yanga ndi kuyeza, kujambula, kuona ngati zomwe zili pansi zikugwirizana ndi zomwe zili pa pepala, kenako ndimalemba lipoti lomwe abwana anga amagwiritsa ntchito poika mtengo. Anthu akandiona ndi tepi ndi fayilo amangoti abwera olanda aja, koma ine sindilanda, ndimangoyeza basi.

Lolemba inali ntchito ya mapepala, lizi, pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, ndi lipoti lakale la nthawi yomwe ngongole imatengedwa. Pepala la ku Dedza limati nyumba ya zipinda zitatu, khonde ndi boyizi kota kumbuyo.

Lachiwiri m'mawa kukuzizira ngati momwe kumachitira ku Dedza ndinafika pa puloti ija, ndiye zomwe ndinapeza ndi zina. Khonde linatsekedwa kukhala chipinda, kumbuyo kwawonjezeka mdadada wa zipinda za lendi, ndipo khoma lomwe linali pakati pa balaza ndi podyera analigumula kuti pakhale potakasuka. Khoma limenelo ndi lomwe limanyamula denga. Ndinakwera pa makwerero kusuzumira mu siling'i ndi tochi, palibe bimu yoti inyamule dengalo m'malo mwa khoma lija, angogoneka thabwa limodzi la paini ndipo lapindika kale pakati, kumapeto kwake chiswe chayamba. Pansi pake ndi pomwe ana amakhala akamaonera TV.

Mayi a panyumbapo anandilandira bwino ndithu, anandipatsa mpando ndi tiyi ngakhale amadziwa chomwe ndabwerera. Ndinawafunsa kuti mayi, zipinda zakumbuyozi munatengera pulani? Anati ayi bambo, ife timafuna tipezeko ya lendi yothandizira kubweza ngongoleyo, mmisiri anatiuza kuti pamalo pathu pomwe sipafunika chilolezo. Ndipo ine ndinawakhulupirira chifukwa nkhani imeneyi ndimaimva pafupifupi kulikonse, anthu sawonjezera nyumba mwachinyengo ayi, amakhala akuyesetsa kupulumutsa nyumba yomweyo. Koma lamulo la Physical Planning la 2016 limafuna chilolezo usanamange kapena kusintha kwambiri nyumba pa malo ngati amenewa, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yolamula kuti chomwe chamangidwa popanda chilolezo chigwetsedwe. Ndiye zipinda zomwe iwo amaona ngati chuma ine mu lipoti sindingaziwerengere mtengo wake wonse, zimandiwawa koma ndi momwe zilili.

Choipitsitsa chinali chakuti zipinda ziwiri zinamangidwa pamwamba penipeni pa sokawe, dzenje lomwe madzi oipa ochokera mu sepitiki amalowerera pansi. Khoma lanyowa mpaka m'mawondo, pulasitala ukangomugunda ndi chala akuyoyoka, ndipo mng'alu wayambira pa kona ya windo kutsika mopingasa mpaka pansi, ndinalowetsamo kiyi wa galimoto analowa yense. Njerwa anamangira dothi, simenti ndi wa kunja kokha, ring'i bimu, lamba wa konkire ndi zitsulo womanga makoma onse pamodzi chakumwamba, kulibe. Kuno tili m'mbali mwa chigwa cha Rift, komwe kumachitika zivomerezi, chivomerezi cha 1989 cha ku Salima chinawononga nyumba mpaka ku Dedza konkuno, akuluakulu amachikumbuka, ndiye nyumba yopanda ring'i bimu ine sindiiona ngati nkhani yaing'ono. Magetsi nawo anangokoka waya kuchokera pa soketi ya kukhitchini kudutsitsa pa windo kukagawira alendi onse pa mita imodzi, mawaya olumikiza ndi selotepu. Ndinawauza mayiwo kuti zogulitsazo zisiyeni kaye pambali, awa mawaya achotsedwe lero lomwe, ndipo ana asamakhale pansi pa thabwa lija.

Lachitatu ndinathera kufufuza mabikoni, zizindikiro zomwe zimazikidwa pansi zosonyeza malire a puloti. Imodzi inapezeka mkati mwa khitchini ya aneba, kutanthauza kuti mipanda siikutsata malire, wina analowera mnzake kalekale ndipo anangogwirizana pakamwa. Eni ake akale ankamvana, koma wogula watsopano adzamvana nawo?

Ku Ntcheu kunali kwachidule. Nyumba yokhayo ili bwinobwino, yomangidwa mosamala, koma kutsogolo anawonjezera mashopu oyang'ana ku M1 ndipo nditayeza kuchokera pakati pa msewu sanafike mamita 30 omwe amasiyidwa mbali iliyonse pa msewu waukulu. Pamalopo malonda amayenda, kachewere, kabichi, ma minibasi akuima pompo, ndiye aliyense woona amakopeka ndi mashopuwo osadziwa kuti ndi omwe angadzachoke tsiku lina popanda chipukuta misozi.

Chomwe anthu ambiri sadziwa ndi chakuti banki imagulitsa nyumba momwe ilili. Siikulonjezani kuti denga ndi labwino kapena kuti zonse zili ndi pulani, iyo ikufuna ndalama yake ibwerere. Mukangosayina, mng'alu uja ndi wanu, mkangano wa malire ndi wanu, alendi omwe analipiriratu miyezi ingapo kwa landilodi wakale mudzalankhula nawo ndinu, ndipo ngati pali ngongole ya madzi kapena ground rent, ndalama yomwe imalipiridwa chaka ndi chaka pa malo a lizi, muyenera kufunsiratu kuti alipire ndani. Ndipo lipoti langa limakhudzanso mwini nyumba, chifukwa banki ikachotsa ngongole yake ndi zolipira zina, yotsalayo imabwerera kwa iye, ndiye sindingachepetse mtengo mwachisawawa komanso sindingaukweze pomvera chisoni, wogula nayenso ndi munthu, mwina ndi penshoni yake yonse akuponyapo.

Lachisanu ndikulemba malipoti anandiimbira achimwene ena omwe ali ku Joni, anaona chilengezo cha nyumba ya ku Dedza ija mu nyuzi ndipo wachibale wawo anawatumizira zithunzi pa WhatsApp, geti yabwino, penti watsopano, mitengo ya paini kumbuyo. Amati achimwene tangondiuzani ngati ili bho nditumize dipoziti. Ndinawauza kuti lipoti ndi la banki sindingawapatse, koma tsiku loonetsa nyumba lilipo, atumize munthu pamodzi ndi mmisiri wodziwa ntchito osati wongodziwa kusakaniza matope, akwere mu siling'i, atsegule sepitiki, aone mabikoni onse, apite kukhonsolo akafunse pulani yovomerezedwa ayerekeze ndi zomwe zamangidwa, komanso akachite search, kutanthauza kufufuza m'kaundula wa malo, ku ofesi ya Lands ku Lilongwe. Anati zonsezo zidya ndalama zingati, ndinati sizingafike ngakhale pa mtengo wokonzera denga lokha. Anakhala chete pang'ono kenako anati atumiza mlamu wawo Lachiwiri likubwerali.