Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Mpanda Umene Ndinamanga ndi Manja Anga

M'gawo lathali ndinalekezera pamene ine ndi mayi a ana anga tinatsanzika amalume ku komboni ya George mu Lusaka n'kukapeza zipinda ziwiri za lendi ku komboni ya Kanyama, chakumapeto kwenikweni, kufupi ndi msewu wa Mumbwa. Munali mu 2007. Katundu wathu yense anakwana pa wilibala ziwiri.

Chimene chinatikopa pamalopo sinali nyumba ayi, chifukwa malata ake anali odontha. Chinali cha kuseri kwake. Kumeneko kunali kafamu ka maekala asanu ka mdala wina amene anapuma ntchito ku njanji. Ankalima repu, tomato ndi chimanga, ndipo m'malire munali mitengo ya mango isanu ndi umodzi. Kwa ine mwana wa ku Katete, kudzuka m'mawa n'kumva fungo la dothi lothiriridwa kunali ngati kupita kumudzi osalipira basi. Ana a m'komboni ankaba mango, mdalayo n'kumawathamangitsa ndi ndodo imene sanamenyepo nayo aliyense. Mvula ikagwa, madzi onse a mzere wathu ankatsata kangalande kodutsa pakhomo pathu n'kukamwazika m'dimba lake. Palibe ankaganizako za madziwo. Ankapita okha.

Mdala uja anamwalira mu 2011. Ana ake, ena ali ku Kitwe ena kunja, sanafune za khasu. Chaka chisanathe tinaona galimoto zikubwera, anthu akuyeza ndi kukhoma zikhomo. Mango anagwetsedwa tsiku limodzi.

Amene simudziwa Lusaka, mzindawu unagawidwa kale. Pamene atsamunda ankasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone mu 1935, njanji ndiyo inali malire. Kummawa kwake, kumtunda kwa Ridgeway, anaikako maofesi a boma ndi mayadi. Kumadzulo anasiyira mafakitale. Mphepo ya kuno nthawi zambiri imachokera kummawa, ndiye utsi sunkawavuta mabwana. Koma antchito anayenera kugona pafupi ndi ntchito, motero makomboni anamera mbali yomweyo ya utsi, ambiri pa mafamu a azungu, n'chifukwa chake mpaka lero timati kwa George, kwa John Laing, kwa John Howard. Malo a ku Chinika, dera la mafakitale, atayamba kuchepa, mafakitale anatsata msewu wa Mumbwa ndi wa Mungwi, n'kumameza timafamu timodzitimodzi. Boma linapatula mahekitala oposa 2,000 kummwera chakummawa kwa mzinda kuti akhale a mafakitale, kumene amati MFEZ, koma munthu wa makina awiri oumbira mabuloko sapita kumeneko. Amagula maekala asanu kuseri kwa nyumba yako, pamene antchito ndi makasitomala ali pomwepo.

Nthawi imeneyo ndinali nditatha miyezi inayi wopanda ntchito yooneka. Mwana wachiwiri anali m'njira. Kapitawo wa pamalopo atamva kuti pali mmisiri womanga pafupi, anabwera yekha pakhomo. K25,000 pa tsiku, ndalama zakale zija asanachotse maziro atatu mu Januwale 2013. Sindinafunse kuti adzapanga chiyani m'katimo. Ndinangofunsa kuti ndiyambe liti.

Tinamanga mpanda wa mabuloko, wautali kuposa denga la nyumba yathu. Tsiku limene maziko anafika pa kangalande kaja ndinaima, ndinaika levulo pansi.

"Abwana, apa pamadutsa madzi. Tisiyepo mpata, tiikepo paipi."

Anandiyang'ana ngati ndamupempha mkazi wake. "Paipi ili papulani? Iwe manga. Madzi a m'komboni alowe m'yadi ya anthu chifukwa chiyani?"

Ndinamanga. Ndikanati ndiname ndikanati ndinakana n'kuchoka, koma ndinathira konkire m'kangalandemo ndi fosholo yanga, madzulo n'kukagula thumba la ufa ndi kapenta. Akazi anga tsiku limenelo anaphika ndiwo ziwiri.

Fakitaleyo inali youmba mabuloko, ndipo pambuyo pake anawonjezera shedi ina yosungunulira mapulasitiki akale. Choyamba kutipeza chinali fumbi. Mathiraki ankabwera ndi mchenga wa kwale ndi simenti kuyambira mbandakucha, ndipo mu Ogasiti, mphepo ikamaomba, zovala zoyanika pachingwe zinkauma zili zotuwa. Akazi anga anayamba kuvundikira nsima ndi mbale ina ngakhale tili m'nyumba. Ukasesa m'mawa, masana umatha kulemba dzina lako patebulo ndi chala. Kenako phokoso: makina oumbira aja amagwedeza nthaka, moti makapu ankalira okha pashelefu, ndipo khoma la chipinda chogona linachita mng'alu woti n'kulowetsamo chala. Fungo la pulasitiki lokha linkabwera usiku, lokoma moipa, lokakamira pakhosi. Mwana wathu wakhanda anakula ndi chifuwa chosatha. Sindine dokotala, koma ndikamutumiza ku Katete kwa agogo ake ankagona usiku wonse osatsokomola.

Musaganize kuti komboni yonse inkadandaula. Amayi ogulitsa nsima ndi zitumbuwa pageti anapeza msika. Anyamata amene ankangokhala pa kantemba anayamba kunyamula mabuloko. Eni nyumba yathu, mayi wamasiye wochenjera kwambiri, anagawa zipinda zina pawiri n'kuikamo antchito a pafakitale anayi anayi, ifenso n'kutikwezera lendi. Chimbudzi chinali chimodzi chomwecho. Msewu wathu wafumbi, umene ana ankaseweramo mpira wachikulunga, unasanduka wa mathiraki, ndipo unakumbika maenje oti mbuzi n'kumiramo.

Anthu ena ophunzirako anati lamulo la zachilengedwe la 2011 limafuna kuti fakitale isanamangidwe aunike kaye mmene idzakhudzire anthu oyandikana nayo. Ife palibe anatifunsa. Tinalemba kalata, tinasainapo anthu oposa makumi atatu, ine ndinasaina pamapeto ndi manyazi. Tinaipereka ku ofesi ina m'tauni. Mwini fakitale anangotuma kapitawo uja kudzatiuza kuti iye ali ndi taitolo ya zaka 99. Eni nyumba a m'komboni, amene anali ndi pepala n'komwe, kanali kalaisensi ka zaka 30 kochokera m'lamulo la 1974, ndipo kankangokulola kukhala pamalopo, dothilo silinali lako. Nanga ife alendi? Tinalibe ngakhale risiti.

Tsopano za madzi. Kanyama ndi yafulati ngati thebulo, ndipo pansi pake ndi thanthwe la laimu. Ukakumba pang'ono wapeza mwala, ukakumbanso pang'ono wapeza madzi. Mvula ikalimbikira nthaka imakhuta msanga, madzi n'kusowa kolowera, zimbudzi ndi zitsime n'kukhala chinthu chimodzi. Chaka choyamba madzi ankafika pakhonde n'kubwerera. Kenako mwini fakitale anathira miyala m'yadi mwake n'kuwaka konkire ponseponse, malo ake n'kukwera kuposa athu. Dimba limene linkamwa madzi athu linayamba kutithira ake.

Usiku wina mu Febuluwale 2014 ndinadzutsidwa ndi akazi anga.

"Bambo ake, tsitsani mwendo pansi mumve."

Madzi anali m'akakolo, ozizira, onunkha chimbudzi. Nsapato za ana zinkayandama, mbaula itamira, thumba la ufa litanyowa theka. Tinakweza ana patebulo. Nditatsegula chitseko ndinaona mzere wonse uli panja ndi matochi a mafoni, amayi atanyamula matilesi pamutu. Madzi onse anali ataima pampanda uja ngati ng'ombe pachipata cha khola.

Palibe anandinena. Zikanakhala bwino akanandinena. Mkulu wina woyandikana nafe, wa kwa Mpezeni, amene ndinkamutcha atate chifukwa anali msinkhu wa bambo anga, anabwera madzi ali m'maondo, m'manja muli hamala yaikulu yoswera miyala ya akazi ake.

"Mwana wanga, unamanga ndiwe. Pofewa ndi pati?"

Ndinkapadziwa. Sabata imene tinkamanga chigawo chimenecho simenti inachepa, ndipo kapitawo anatiuza kuti thumba limodzi tisakanize ndi mawilibala a mchenga ochuluka kuposa muyezo. Ndinayenda m'mbali mwa mpanda ndikupapasa ndi dzanja, ndikuwerenga mapilala kuchokera pakona. Pakati pa lachinayi ndi lachisanu, mzere wachiwiri kuchokera pansi.

Ndinamenya kasanu. Buloko loyamba linaphwanyika ngati chigumu, lachiwiri linatsatira lokha, ndipo madzi anandikokera miyendo polowa m'bowolo. Agalu a m'kati anayamba kuuwa. Mlonda anatiunika ndi tochi ali pamwamba pa mulu wa mabuloko, ndipo kuwalako kunaima pankhope panga nthawi yaitali. Ankandidziwa bwino, tinkadyera limodzi nsima pageti.

Pofika m'mawa madzi m'nyumba anali atatsika, atasiya matope ndi mzere wakuda pakhoma. Ndinali ndikukolopa pamene akazi anga anandiitana chapansipansi kuti panja paima galimoto, ndipo kapitawo uja akufunsa za ine ndi dzina langa lonse.