Anankafumbwe Akayamba Kupirira Mankhwala

Ikafika miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dandaulo limakhala limodzi: "Ndinathira mankhwala koma chimanga chafumbwa." Ambiri amathamangira kunena kuti anankafumbwe anazolowera mankhwala. Nthawi zina n'zoona, koma kuzolowerako timakuyambitsa ndife, ndi kathiridwe kathu.

Pagulu la anankafumbwe pamakhala ochepa obadwa olimbirako. Mukathira mlingo wokwanira, amafa nawo limodzi. Mukachepetsa, amafa ofooka okha, olimba aja n'kutsala akuswana. Kukatentha, dzira limasanduka nankafumbwe woikiranso mazira pa mwezi umodzi wokha, ndiye pofika Febuluwale mibadwo ingapo yadutsa m'thumba limodzi, uliwonse wolimba kuposa unzake.

Choncho mlingo si woyerekeza ndi maso. Mankhwala ambiri aufa amalembedwa magalamu 25 pa thumba la makilogalamu 50, kutanthauza kuti botolo la magalamu 200 ndi la matumba asanu ndi atatu, osati khumi ndi awiri. Werengani pa botolo lanulo. Khuthulirani chimanga pa lona, wazani mankhwala, tembenuzani ndi fosholo mpaka njere iliyonse ichite mbuu. Kuwaza pakamwa pa thumba pokha n'kulera anankafumbwe apakati. Chimangacho chikhale chotonola, chopeta ndi chouma: ikani njere ndi mchere wouma m'botolo lagalasi, khutchumulani, mchere ukamatirira m'mbali, bwezerani padzuwa. Chinyezi chimapha mphamvu ya mankhwala msanga. Aufa ogulitsidwa m'timapepala padzuwa pamsika, opanda chizindikiro, asiyeni. Gulani ovomerezeka ndi bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board ndipo onani tsiku lothera ntchito.

Pamene ambiri amaphonya ndi apa: kusintha dzina la mankhwala si kusintha mankhwala. Actellic Super muli pirimiphos-methyl ndi permethrin. Shumba Super muli fenitrothion ndi deltamethrin. Maina ndi osiyana, koma pirimiphos-methyl ndi fenitrothion ndi a banja limodzi, amapha m'njira imodzi; permethrin ndi deltamethrin nawonso ndi pachibale. Kachilombo kopirira mmodzi kawirikawiri kamapiriranso mnzake. Actellic Gold ndiye wasiyanako, chifukwa m'malo mwa permethrin muli thiamethoxam, wa banja lina. Yang'anani timalemba ting'onoting'ono tosonyeza zimene zili m'katimo, osati dzina lalikulu lija.

Opanga mankhwalawa amasakaniza mitundu iwiri m'botolo limodzi pa chifukwa chake. Nankafumbwe wamkulu, amene alangizi amamutchula LGB, analowa m'Malawi muno cha ku Karonga kuchokera ku Tanzania. Uyu amaboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe, amasandutsa chimanga ufa wokhawokha, ndipo pirimiphos-methyl payekha samugonjetsa bwino, n'chifukwa chake amawonjezamo wina wa banja lina.

Mapilitsi a aluminium phosphide, otulutsa mpweya wapoizoni wophera tizilombo, ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Anthu amakankhira pilitsi m'thumba wamba n'kuliika m'chipinda chogona. Mpweya wake umathawira m'mabowo a thumba usanaphe mazira ndi timphutsi tobisala m'kati mwa njere, ndiye otsalawo ndi amene amapirira. Choopsa kuposa apo, mpweyawo umapha anthu. Mapilitsiwa ndi a anthu ophunzitsidwa, pa mulu wofunditsidwa bwino osatulutsa mpweya kwa masiku osachepera asanu kapena asanu ndi awiri, kutali ndi pogona.

Njira yabwino yodulira mzere wa anankafumbwe olimba ndi kuwapha popanda mankhwala. Thumba la PICS, thumba lapadera losalowa mpweya, lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Thirani chimanga chouma, finyani mpweya, potani ndi kumanga pulasitiki iliyonse payokha. Tizilombo timamaliza tokha mpweya wotsalawo n'kufa, olimba ndi ofooka omwe. Musamatsegule pafupipafupi, chodya mwezi uno patulani padera. Liikeni pa mitengo, lisagunde khoma, chifukwa kabowo kamodzi ka khoswe kathetsa ntchito yonse.

Musanalowetse chimanga chatsopano, sesani mosungira, tenthani zinyalala, matumba akale muwaviike m'madzi owira, ndipo chotsala cha chaka chatha chisayandikane ndi cha chaka chino.